Mwanapiye Sadikira

Ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri, mvula inagwa masana mosachenjeza, ndipo inapeza anapiye a amayi ali kuseri kwa nyumba. Amayi anawatola mmodzimmodzi m'matope atanyowa ngati tinsanza. Wina anali atatambalala kale, maso atatseka. Ine ndinati wafa. Amayi anamunyamula m'manja. Anandimasula batani la malaya, namulowetsa pachifuwa panga, nandikhazika pakhomo la khitchini.

"Khala pomwepo, Mzime. Usagwedezeke. Mwanapiye sadikira."

Achemwali anga, amene amandiposa ndi zaka zinayi, anagwada pambali ndi chivundikiro cha chitini, akuviika milomo ya anapiye enawo m'madzi ofunda, uku akundinena kuti ndapatsidwa ntchito ya alesi. Patapita kanthawi ndinamva tizala tikundikanda pamtima. Mpaka lero, ndikavala malaya ozizira m'mawa, malo amenewo ndimawadziwa.

Kuyambira tsiku limenelo ntchito inagawika. Kufunditsa anapiye kunali kwanga. Madzi, chakudya ndi matenda zinali za achemwali. Aliyense wa ife anakula akudziwa theka lokha.

Makalata ali m'munsiwa tinalemberana chaka chimene amayi anamwalira, zaka makumi awiri zapitazo. Ine ndinkagwira ntchito yodula mapepala pamalo osindikizira mabuku m'tauni. Achemwali ankasoka zovala kwathu, m'nyumba yomwe tinakuliramo, ndipo ndi iwo amene anadwazika amayi mpaka tsiku lomaliza. Ine ndinangofikira kumanda. Makalata a mbali zonse ziwiri ndili nawo chifukwa achemwali anakana kuwononga pepala lawo pa ine. Ankandiyankha kuseri kwa kalata yanga yomwe, ndipo imene sanafune kuiyankha ankangoibweza momwemo. Sindinasinthe mawu ngakhale amodzi, ngakhale anga amene lero amandichititsa manyazi.

6 Juni

Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu. Ine ndilipo.

Ndikudziwa kuti simukufuna kumva za ine, choncho ndingolunjika pa nkhani. Thadzi la amayi latsumba lija ndinalinyamula ndine, pamodzi ndi dengu lake ndi mazira ake, m'mawa umene ndinkabwerera kuno. Ulendo wonse wa basi ndinalifukata pamiyendo, ndipo silinadzuke pamazira ngakhale kamodzi. Lakhala m'chipinda changa, pakati pa bedi ndi khoma. Dzulo lagogomola. Mwa mazira khumi ndi limodzi aja, aswa asanu ndi atatu. Zikamba zake ndazisunga, chifukwa chilichonse chili ndi kamtanda ka makala, kolembedwa ndi dzanja la amayi.

Lero m'mawa ndinalitulutsa pabwalo kuti liwongole miyendo. Ndinangolowa kukatenga madzi. Galu wa mayi eni nyumba anali womasula. Sindilemba zambiri. Lafa.

Anapiye ali m'katoni. Za kufunda ndikukumbuka: ndawaikira botolo la madzi otentha lokulunga m'juzi, ndipo ndatsitsa babu kuti lizilendewera pamwamba pawo. Koma zina zonse zinali zanu. Adye chiyani, ayambe liti, madzi ndiwapatse bwanji? Akulira osalekeza. Ndiyankheni msanga, osati chifukwa cha ine.

Mlongo wanu,
Mzime

10 Juni

Iwe Mzime,

Moni sindikupatsa, chifukwa moni timapatsa munthu amene anatsanzika pochoka. Alamu ako ali bwino. Ine ndili moyo, ngati zimenezo zikukukhudza.

Ndiye kuti wakuba uja ndiwe. Masabata awiri ndakhala ndikuyang'ana anthu osalakwa ndi diso loipa. Mkazi wa kalipentala sakundiyankhula mpaka lero chifukwa ndinamufunsa za nthenga zomwe ndinaona kudzala kwake. Alamu ako ankati ndiwe, ine n'kumawatsutsa. Ndinkati mwana wa amayi angakhale wouma mtima, koma si wakuba. Tsopano undiuze ndikawayang'ane bwanji kumaso.

Thadzi limenelo lakhala m'khitchini mwa amayi zaka zinayi. Linapulumuka kwa mphamba, linapulumuka kwa likongwe, linapulumuka ku gudumu la ngolo. Kwa iwe masabata awiri okha. Uli ndi manja abwino, bwana wa m'tauni.

Zotsatirazi ndikulembera anapiyewo, poti iwo sadziwa kuwerenga.

Madzi usaike m'mbale. Ika m'chivundikiro chosazama, udzazemo timiyala, kuti azimwa m'mipata. Mwanapiye amamira m'madzi osafika ndi pachikhadabo. Umugwire aliyense, umuviike mlomo kamodzi, umusiye. Akameza n'kukweza mutu, waphunzira. Chakudya gula cha anapiye kusitolo. Ngati kulibe, phika dzira, ulinyenye ndi madeya osefa. Ugogode ndi chala pachakudyapo monga mmene likanachitira thadzi limene wapha. Madzulo aliwonse uwatembenuze uwaone kumbuyo. Chitosi chikamata, unyowetse ndi madzi ofunda mpaka chichoke chokha. Usasolole, ungamung'ambe.

Akaunjikana pamodzi n'kumalira, azizidwa. Akathawira m'makona n'kuyasamula, wawaotcha. Akamwazikana n'kumalira pang'onopang'ono ngati akucheza, usawakhudze. Zimenezi uyenera kuzidziwa, poti ntchito yokhala pansi inali yako.

Ndiuze chinthu chimodzi. M'nyumba monse muja munali mipando, mbale, wailesi. Chinakutuma n'chiyani kutenga chamoyo?

Mchemwali wako, poti sindingasinthe magazi

9 Juni

(Kalata iyi inaphonyana ndi yapamwambayi panjira.)

Achemwali,

Moni kachiwiri. Yankho lanu silinafike, koma sindingadikire.

Mmodzi wamira m'sosala ya madzi ndili kuntchito. Atsala asanu ndi awiri. Ena onse akudya, ndawagulira chakudya kusitolo ya za ulimi.

Chondidetsa nkhawa ndi ichi. Awiri miyendo yawo ikutayana, wina uku wina uku, ngati munthu woterereka pamatope. Akafuna kuima amagwa chafufumimba, ndipo anzawo amawaponda popita kukadya. Mmodzi mwa awiriwa ndi wakuda wokhala ndi katsumba pamutu, chimodzimodzi mayi wake.

Si uve ayi, musayambe kundinena zimenezo. Pansi pa katoni ndimayala mapepala abwino koposa amene tili nawo kuntchito, otsala podula makalendala, osalala ndi onyezimira, osalowa madzi. Ndimasintha m'mawa ndi madzulo. Palibe mwanapiye kwanuko amene anagonapo pamalo aukhondo ngati amenewa.

Ndikukumbuka kuti amayi ankachita kanthu kena ndi anapiye otere, inu mutawagwirira. Ine ndinkakhala ndikuthira madzi m'botolo, sindinaonetsetse. Chinali chiyani? Ndi mankhwala? Lembani tsiku lomwelo.

Mzime

14 Juni

Achemwali,

Kalata yanu ya pa 10 ndailandira, ndipo zikomo chifukwa cha timiyala. Mawu ena aja ndawameza, ngakhale anali ndi minga.

Koma dzina la wakuba ndikulikana. Tsiku lotsatira maliro ndinakufunsani ngati pali choti ndithandize. Munandiyankha pamaso pa anthu, osandiyang'ana n'komwe, kuti, "Tenga chimene wadzera uzipita." Ndinalowa m'khitchini. Chilichonse chinali chozizira, mapoto, mpando wawo, mpaka chikho chawo cha tiyi. Chofunda chinali chimodzi chokha, pansi pa shelefu. Ndinatenga chimenecho. Mwafunsa, ndayankha.

Nyumbayo ndi ya tonse, ndipo amayi anali a tonse. Inu mumayankhula ngati munawabala ndinu.

Za miyendo zija ndikudikirabe. Awiriwo ndikuwadyetsa pamanja. Ndimathamanga pa nthawi yopuma masana, mphindi makumi awiri kupita, makumi awiri kubwerera, osadya. Akapitawo athu ayamba kundifunsa ngati ndakwatira mwachinsinsi.

Mzime

19 Juni

Achemwali,

Kodi muli moyo? Kapena positi ya kwanuko yagwa denga?

Mmodzi mwa awiri aja wafa dzulo. Ndinamupeza pakona, ataphwanyika ngati duwa la m'buku, anzake atamugonera. Atsala asanu ndi mmodzi. Wakatsumba uja akadalipo, akudzikoka ndi mapiko.

Ndafunsa wa kusitolo, wandigulitsa mavitamini osungunula m'madzi, osathandiza kanthu. Ndafunsa mayi eni nyumba, andiuza kuti mankhwala ake ndi kuwataya kudzala, ndiponso kuti nyumba yawo si khola. Inu nokha ndi amene mukudziwa, ndipo mwakhala chete.

Ngati mukufuna kundilanga, bwerani mudzandimenye ndi ndodo yanu yoyezera nsalu monga kale. Koma anapiye anakulakwirani chiyani?

Mzime

20 Juni

Alamu,

Moni wambiri. Ndine mlamu wanu wokonza njinga. Pepani zala za girisi papepalapa, ndalembera kushedi kuti akuluakulu a nyumba ino asandione.

Musavutike kukalipira a positi. Kalata yanu ilipo. Inalembedwa kale, inamatidwa, sitampa ilipo, ndipo yagona pansi pa makina osokera. Ndinati ndiitenge ndikaiponye popita kukagula machubu. Anandiyankha kuti ndikaikhudza ndikagone kushedi pamodzi ndi njinga zanga. M'mawa uliwonse amachonga pakalendala ya pakhoma. Ndawerenga, lero ndi tsiku lachisanu ndi chiwiri. Ndinafunsa kuti kodi tikuwerenga chiyani. Anati, "Mwini wake akudziwa."

Ine ndikanakuuzani mankhwala ake, koma mukundidziwa, alamu, nkhuku ndimaidziwa ikakhala m'mbale. Envulopuyo ndinaigwira mwakabisira, muli kanthu kofewa mkati.

Musawaone ngati chilombo. Chiyambireni maliro sagona bwino, ndipo dzana anasokera mkono wa diresi la mwini kukhosi. Zaka zonsezi sindinaonepo. Makalata anu amawawerenga ataimirira, kenaka amakawerenganso kukhitchini.

Nkhani ina ndi yakuti kuno kwabuka chitopa. Kwa kalipentala nkhuku zatha. Zathu tazitsekera, koma tambala wayamba kuwodzera.

Kalata iyi muiotche. Ndikufuna kukalamba ndi mano anga onse.

Mlamu wanu

13 Juni

Iwe Mzime,

Alamu ako akupereka moni. Ine ayi.

Asa! Anapiye pa kalendala? Sizinandifikire m'mutu kuti mwana wobadwira m'nyumba ino angachite zotere, n'chifukwa chake sindinakuchenjeze. Matenda palibe. Wawalemaza ndiwe ndi ukhondo wakowo. Mwanapiye amafuna pokanda kuti zala zigwire. Pa pepala loterera miyendo imathawa, ndipo mafupa ake, poti ndi anthete, amakhwimira momwemo. Chotsa zonyezimira zakozo lero. Yala chiguduli, kapena thaulo lakale, kenaka utuchi wokhakhala.

Ulusi uli m'katimu ndausolola pa mkono wa juzi yobiriwira ya amayi. Ndi umene ankagwiritsa ntchito, chifukwa ndi wofewa, sucheka khungu. Umange mwendo uwu ndi uwu pamwamba pa zala, usiye mpata wa zala zako ziwiri pakati, kuti miyendo iime pansi pa thupi. Usamangitse. Umuimike m'kapu kangapo patsiku kuti azolowere kulemera kwake. Masiku atatu kapena anayi amayenda.

Koma uchite msanga. Akapitirira sabata ndi theka, fupa lauma, palibenso chochita.

22 Juni, pa pepala lomweli.

Kalata iyi ndaimatula kuti ndiwonjezere mawu awa. Yakhala pansi pa makina anga masiku asanu ndi anayi. Sindinaiwale. Ndinawerenga.

Pa 8 Meyi ndinakulembera kuti amayi asiya kudya ndipo akukufunsa. Kalata imatenga masiku atatu. Unaipeza pa 11. Amayi anatisiya pa 20, ndipo unabwera chifukwa alamu ako anakaimba foni kuntchito kwako. Masiku asanu ndi anayi, Mzime. Basi iliyonse ikaima pamsewu ankatukula mutu. Ine ndinkawanamiza kuti kwagwa mlatho, kuti abwana ako akukaniza, kuti mwina mawa. Mabodza anandithera.

Tsopano walawako. Undiuze ngati zikukoma.

26 Juni

Achemwali,

Sindikufunsani za moyo wanu, poti ndaona kuti mphamvu muli nazo zambiri.

Ulusi wafika. Ndaudziwa ndisanautulutse n'komwe, ukununkhabe sopo wa amayi. Ndamanga monga mwanenera. Mwendo wakumanja wabwerera pang'ono. Wakumanzere wauma, ukuloza kumbali ngati chikwangwani cha pamsewu. Ali ndi masabata atatu. Inu nomwe mwalemba kuti sabata ndi theka. Pamene munkalemba mawu amenewo munkadziwa chimene mukuchita, ndipo munanyambita sitampa n'kukhala pansi.

Mwandilanga ine, koma wolumala ndi mwana wa thadzi la amayi, ndipo wina ali m'dothi kuseri kwa bafa. Amayi akanakuuzani chiyani? Mawu awo mukuwadziwa. Sindiwalemba.

Tsopano za masiku anga asanu ndi anayi, poti mwawafuna. Kalata yanu sindinaiwerenge n'kuinyalanyaza ayi. Sindinaitsegule. Ndinaiika m'thumba la ovolosi, ndipo inakhala momwemo. Zaka zisanu ndi chimodzi kalata yanu iliyonse inkayamba ndi "Iwe Mzime" n'kutha ndi mndandanda wa zolakwa zanga. Ndinafika pozolowera kuzisunga mpaka tsiku limene mtima uli ndi mphamvu. Sabata imeneyo tinali ndi ntchito ya mabuku a sukulu, ndinali wotopa, ndinati ndiwerenga Lamlungu. Lamlungu ndinati Lamlungu linalo. Ndinaitsegula m'basi, ndikupita kumaliro. Mizere inayi yokha, yopanda chipongwe ngakhale chimodzi. Kalata yokhayo imene munandilembera mofatsa ndi imene sindinaitsegule.

Sindikupempha kuti mundimvere chisoni. Ine sindinadziwe chimene chinali m'envulopu. Inu munkadziwa.

Mzime

2 Julaye

Mzime,

Alamu ako ali bwino, kupatula kuti ndadziwa zoti amalemba makalata kushedi. Nkhani imeneyo tathana nayo.

Usandiphunzitse mawu a amayi. Ndinawamva zaka zonse zimene iwe unkawamva pa Khirisimasi pokha. Ndinawasambitsa, ndinawatembenuza, ndinawamwetsa madzi ndi supuni. Ukuti makalata anga anali aukali. Unkafuna ndikulembere nyimbo? Munthu amene wanyamula mtolo yekha salankhula mokoma.

Za wolumalayo sindikana. Ndinadziwa. Tsiku lachitatu ndinaitenga kalata ija mpaka pakhomo, n'kubwerera nayo. Zimenezo ndi zanga, ndidzazisenza ndekha, sindikufuna thandizo lako.

Chimene ndalembera ndi ichi. Chitopa chalowa. Tambala anayamba, kenaka misoti, kenaka zonse. Masiku khumi, nkhuku khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Zina zinkapota makosi n'kumazungulira pabwalo. Yomaliza ndaikwirira dzulo. M'mawa uno ndinatuluka ndi madeya m'mbale mwachizolowezi, ndinaitana, n'kuima ndekha pabwalo ngati wamisala.

Mtundu watsumba umenewu amayi anabwera nawo pokwatiwa. Pabwalo pano sipanakhalepo chete chiyambire ine kubadwa. Tsopano otsala ndi asanu ndi mmodzi ali m'katoni mwakomo. Ndi a pakhomo pano. Uwabweze. Upatsire kondakitala wa basi ya m'mawa, alamu ako akawalandira pamsewu. Iwe usavutike kubwera.

6 Julaye

Achemwali,

Pepani za nkhuku. Ndikunena zoona. Ndinawerenga kalata yanu nditaima pamakina odulira, ndipo ndinadula molakwika mapepala a anthu mtolo wathunthu.

Koma kondakitala sindimupatsa. Si katundu ameneyu. Adzawaika padenga pamodzi ndi matayala, mphepo ya mwezi uno n'kuwamaliza asanafike ndi theka la njira. Ndiponso mukufuna ndiwatumize m'khola momwe mwangofa nkhuku khumi ndi zisanu ndi ziwiri? Inu katswiri wa matenda? Mwezi wathunthu ndakhala ndikuwathira madzi m'botolo, kuthamanga masana, kuwatawitsa kumbuyo ndi kansalu. Thadzi ndinalitenga osapempha, inde. Koma mukanakhala nalo inu, lero bwenzi pali chiyani? Wakuba uja ndi amene wasunga mbewu.

Akula. Mapiko amera nthenga, ndipo anayi aonetsa tsumba. Ndawasamutsira m'bokosi la matabwa limene munabwera makina kuntchito. Amalumpha n'kutera pabedi. Wolumala uja amadya kuposa onse, ndipo akamva kiyi pachitseko ndi amene amayamba kuitana.

Vuto ndi ili. Mayi eni nyumba analowa ndili kuntchito, atamva fungo. Andipatsa mpaka pa 31. Akuti pofika tsiku limenelo atuluke anapiye kapena nditulukire nawo limodzi. Galu wawo amagona pakhomo panga tsiku lonse, mphuno ili pansi pa chitseko.

Kotero kuno sangakhale, kwanuko sangabwere, ndipo kwa kondakitala sapita. Inu amene mumadziwa zonse, nenani.

Mzime

12 Julaye

Mzime,

Wayamba kuyankha ngati munthu wamkulu. Mwezi umodzi wotawitsa anapiye wakupatsa pakamwa. Ukanayesa zaka zisanu ndi chimodzi.

Khola lakale ndaligwetsa ndipo ndaliotcha, ndi zisa zomwe. Pansi pake ndapalapo n'kuthira laimu. Alangizi a ziweto anadutsa, akuti anapiye alandire katemera wa m'diso asanabwere, ndipo asaponde pabwalo mpaka mwezi utatha. Katemerayo upite nawo ku ofesi ya za ziweto konko sabata ino, usati Lamlungu linalo. Akafika kuno adzakhala m'chipinda chosokera, makina ndawasunthira pakhonde. Alamu ako akumanga khola latsopano kuseri, koma mmene akumangiramo likuoneka ngati njinga.

Pali chinthu chimene sindikudziwa, ndipo usaseke. Kuno kukuzizira kwambiri. Ine anapiye opanda mayi sindinawafunditsepo, nthawi zonse panali thadzi kapena panali iwe. Botolo lija madzi ake amatentha bwanji? Umasintha kangati? Pa msinkhu umenewu akulifunabe? Ndinayesa dzulo kuti ndione, botolo linasweka m'manja.

Pali chinanso. Ndakhala nacho miyezi iwiri, ndipo ndinalumbira kuti sudzachimva. Timitanda ta makala tija. Amayi anaika mazira amenewo pa 15 Meyi, ali osatha kuima. Ndinawabweretsera dengu pabedi, analemba okha dzira lililonse. Ndinawafunsa kuti akuvutikiranji. Anati, "Akaswa, umupatse Mzime msoti umodzi, koma uzikhala konkuno. Munthu akakhala ndi chiweto pakhomo amabwera kudzachiona."

Choncho pa asanu ndi mmodziwo, mmodzi ndi wako. Asanu unaba.

17 Julaye

Achemwali,

Ndawerenga. Ndinapita kukakhala kuseri kwa mitolo ya mapepala kufikira akapitawo atandipeza. Za zimenezo sindingathe kulemba.

Munandibisira mawu a amayi miyezi iwiri. Ine ndinakubisirani nkhuku masabata awiri. Sindikudziwa kuti ndani akutsogola, ndipo ndatopa kuwerenga.

Katemera alandira Lachiwiri, onse asanu ndi mmodzi, kadontho m'diso.

Botolo linasweka chifukwa munathira madzi owira m'galasi lozizira. Mumayamba mwalitsuka ndi ofunda. Madzi ake akhale oti mukaika botolo patsaya mupirire kuwerenga mpaka khumi. Mukulunge kawiri. Pa msinkhu uno masana salifuna, koma m'bandakucha amalifunabe, makamaka wolumalayo poti anzake amamukankhira kunja. Zina sizilembeka. Ndiyenera kukuonetsani ndi manja.

Wanga ndasankha. Ndi wolumalayo, ndipo ndikuona kuti ndi msoti. Ameneyo tinamulemaza tonse awiri, ine ndi kalendala, inu ndi masiku anu. Sindikufuna adzathere mumphika chifukwa choti satha kuthamanga.

Ndapempha tchuthi Loweruka pa 27. Ndibwera nawo ndekha. Mukapanda kundifuna pakhomo, tikumane pamphambano pamene basi zimasinthana, ndikupatseni bokosi, ndibwerere ndi basi ya masana. Nenani chimodzi.

Mzime

22 Julaye

Mzime,

Alamu ako akupereka moni. Ine ndidzaona ukafika.

Loweruka pa 27, pamphambano, pafupi ndi mayi wogulitsa tiyi. Basi yako imafika cha m'ma 11. Ndidzakhala nditaima pamenepo kuyambira 10, ndi dengu ndi chiguduli. Ukachedwa usadzandipeze ndi nkhani.

Bokosi uboole timabowo m'mbali, osati pamwamba. Usawadyetse kwambiri m'mawa. Madzi uwapatse basi ikaima. Ukhale kutali ndi zenera, ndipo kondakitala akafuna kuliika padenga umuuze kuti mchemwali wako ndi woopsa, sukhala ukunama.

Wolumalayo usamuike m'bokosi, anzake adzamuponda pa mabampu. Umulowetse m'malaya. Ntchito imeneyo umaidziwa, ndi yokhayo imene unaigwirapo bwino.

Sindinakukhululukire, ndipo sindikuyembekeza kuti iwe wandikhululukira. Tidzakangana, ndakonzeka kale. Koma tikiti yobwerera masana usagule. Chitseko cha khola chikufuna anthu awiri, wina kugwira wina kukhoma, ndipo alamu ako akhota kale misomali khumi. Kumanda sindinapiteko chiyambire tsiku lija, udzu uyenera kuti wamera. Bedi la amayi ndayala.

Kalata iyi uitsegule lero.

Mchemwali wako